Magetsi abwera, seva yayaka, koma system siikutseguka

Aliyense amene amasamalira seva (kompyuta yomwe system imayenderapo) ya pa ofesi kuno ku Salima vutoli analionapo. Magetsi azima masana, UPS (batire losungira magetsi) yalira mpaka yatopa, kenako magetsi abwera kapena jenereta yalizidwa. Seva ikuoneka yamoyo, fani ikuzungulira, koma wa pa kauntala akatsegula system akungolandira mawu oti 502 Bad Gateway, kapena tsamba loyera mbee. Zimachitika m'malo ogona alendo ku Senga Bay, m'mashopu a pa Kamuzu Road, m'makopaletivi a alimi a mpunga, mpaka kwa anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa. Amene anapanga system nthawi zambiri ali ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo pa foni malangizo ake ndi amodzi: zimitsani, muyatsenso.

Kuyatsanso nthawi zina kumathandizadi, ndipo n'chifukwa chake vutoli silitha. Ntchito imapitirira, choyambitsa sichinapezeke, sabata yamawa nkhani ndi yomweyo. Ine zotere ndikamafufuza sindiyambira pa code, chifukwa code yomwe imagwira m'mawa siinasinthe masana. Chasintha ndi zomwe pulogalamu yapeza podzuka: ma setting omwe yawerenga, database yomwe inali isanakonzeke, disiki yomwe yadzaza ndi ma log. Zomwe ndikulemba apa ndi za seva ya Ubuntu kapena Debian yoyendera systemd (pulogalamu yoyatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu ena pa seva), zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri, koma maganizo ake ndi omwewo pa makina ena.

Musanayatsenso, werengani

Log ili ngati buku la mlonda wa pa geti: walowa ndani, nthawi yanji, chinavuta n'chiyani. Ndiye choyamba ndi kutsegula bukulo. Lembani `systemctl status dzina-la-pulogalamu`, kenako `journalctl -u dzina-la-pulogalamu -b`. Chilembo `-b` chikutanthauza zonse zomwe zalembedwa chiyakireni seva ulendo uno. Musathamangire mzere womaliza. Error yomaliza kawirikawiri imakhala zotsatira chabe, ndipo muzu wake uli pa error yoyamba, pamwamba.

Mukafuna kuona zomwe zinkachitika magetsi asanazime, lembani `journalctl -b -1`. Ikakuyankhani kuti palibe zakale, ndiye kuti journald (yomwe imalemba log ya systemd) ikusunga zonse mu memory ndipo zimafufutika seva ikazima. Pa setting ya `Storage=auto`, log imasungidwa pa disiki pokhapokha foda ya `/var/log/journal` ilipo. Ipangeni, kapena lembani `Storage=persistent` mu `/etc/systemd/journald.conf`. Kwa ife amene magetsi amatizimira mosachenjeza, ichi si chosankha. Popanda chimenechi umboni wonse umapita limodzi ndi magetsi.

Pulogalamu yadzuka database isanadzuke

Nthawi zina `systemctl status` ingokuuzani kuti `inactive`. Yesani `systemctl is-enabled`. Ikati `disabled`, ndiye kuti munthu anaiyatsa ndi dzanja tsiku loyamba ndipo palibe anauza seva kuti iziiyatsa yokha. `systemctl enable` yathetsa nkhani.

Chovutirapo ndi pamene mukuona `Start request repeated too quickly`. Magetsi akazima mwadzidzidzi, database monga PostgreSQL kapena MySQL imayamba yadzikonza kaye isanalandire aliyense, ndipo PostgreSQL imakana ndi mawu oti `the database system is starting up`. Pulogalamu yanu ikagogoda nthawi imeneyo imakanidwa n'kugwa. Mwina munalemba kale `Restart=on-failure`, koma systemd mukapanda kuiuza imangodikira 100ms isanayesenso, ndipo ikayesa kasanu m'masekondi 10 imasiyiratu. Mwayi wonse usanu umatha database isanatsegule maso. Patapita mphindi ziwiri database ili bwino, koma palibenso woyatsa pulogalamu. Apa ndi pamene kuyatsanso seva kumaoneka ngati mankhwala, chifukwa ulendo wachiwiri database imakhala yazimitsidwa mwadongosolo ndipo imadzuka msanga.

Lembani `sudo systemctl edit dzina-la-pulogalamu` muikemo `RestartSec=10` pansi pa `[Service]`, komanso `After=` yotchula database pansi pa `[Unit]`. Ngati database ili pa kompyuta ina, `After=` siingakuthandizeni, koma `RestartSec=10` idzathandiza, chifukwa pulogalamu izingoyesa mpaka ipeze yankho.

Pali zina ziwiri za mtundu womwewu. Foda ya `/run` imakhala mu memory, choncho ngati munapangamo foda ya socket (kafayilo kolumikizirana mapulogalamu) ndi `mkdir`, seva ikazima yapita. Gwiritsani ntchito `RuntimeDirectory=` kuti systemd iziipanga yokha. China ndi router: ikayaka imatha kugawa ma IP (maadiresi a makompyuta pa netiweki) mwatsopano, seva yomwe inali 192.168.1.20 n'kukhala 192.168.1.23, pamene mu config (ma setting a pulogalamu) ndi pa makompyuta onse a mu ofesi munalembedwa yakale. Onani ndi `ip a`, ndipo seva muipatse IP yokhazikika.

Fayilo yomwe mwasintha si yomwe ikuwerengedwa

Apa ndi pamene anthu amataya maola ambiri, ndiye ndikhalitsapo. Munthu amatsegula `.env`, fayilo ya ma setting a pulogalamu, amaona pasiwedi yolondola, amalumbira kuti zonse zili bwino, koma pulogalamu ikuti pasiwedi ndi yolakwika. Onse awiri akunena zoona. Zomwe zili mu fayilo ndi zomwe pulogalamu yanyamula ndi zinthu ziwiri. Safunsa anadya phula: funsani pulogalamu yomwe ikuyendayo, osati fayilo.

Pezani nambala yake ndi `systemctl show -p MainPID dzina-la-pulogalamu`. Ngati ndi 1234, lembani `sudo cat /proc/1234/environ | tr '\0' '\n'`. Mudzaona ma environment variable omwe inapatsidwa poyaka. Zomwe inawerenga yokha mu `.env` itayaka kale sizioneka pamenepo, koma kufananitsa ziwirizi n'kumene kumaulula vuto, chifukwa dotenv ya Python ndi ya Node, zomwe zimawerenga `.env`, mukapanda kuzilamula, sizifufuta variable yomwe ilipo kale. Ngati `DB_HOST` (adiresi ya database) yakale inalembedwa mu fayilo ya service (yomwe imauza systemd kayatsidwe ka pulogalamu), mungasinthe `.env` kakhumi, yakaleyo izipambanabe. `systemctl cat` imaonetsa fayilo ya service pamodzi ndi zonse zowonjezera, ndipo mukaisintha ndi dzanja musaiwale `systemctl daemon-reload`.

Mapulogalamu ambiri ali ndi njira yodziulula. `nginx -T` imatulutsa config yonse yomwe ili pa disiki monga momwe nginx (pulogalamu yoperekera masamba a system) ikuimvera, kuphatikizapo mafayilo omwe munaiwala kuti alipo. Mu PostgreSQL, `SHOW config_file;` imakuuzani fayilo yeniyeni. A PHP chenjerani: pa Ubuntu 22.04 pali `/etc/php/8.1/cli/php.ini` ndi `/etc/php/8.1/fpm/php.ini`. Command ya `php --ini` imakulozerani yoyamba, pamene tsamba lanu likuyendera yachiwiri. A Laravel (chida chopangira ma system mu PHP) nawonso ali ndi msampha wawo. Mukayendetsa `php artisan config:cache`, fayilo ya `.env` imaleka kuwerengedwa, ndipo zomwe mwasintha sizigwira mpaka mutayendetsanso command yomweyo. Komanso `env()` yolembedwa kunja kwa foda ya `config` imayamba kubweza `null` pa zinthu zomwe zinali mu `.env` mokha.

Nanga ikamagwira mukaiyatsa nokha pa terminal, koma osagwira seva ikaiyatsa? Terminal yanu ili ndi zinthu zomwe systemd ndi cron (yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) alibe. Zomwe munalemba mu `.bashrc` iwo saziona. Service ya systemd imayambira pa foda ya `/`, ndiye pulogalamu yofunafuna `./config.yml` siipeza kanthu mpaka mutalemba `WorkingDirectory=`. Cron imayenda ndi `PATH` yaifupi, kawirikawiri `/usr/bin:/bin`, choncho lembani njira yonse ya command iliyonse. Ndipo fayilo ya `EnvironmentFile=` si script ya bash: mzere woyamba ndi `export` systemd imaudumpha.

Kenako pali zolakwika zosaoneka ndi maso. Fayilo ikakonzedwa pa laputopu ya Windows n'kukopedwa ndi flash, mizere yake imatha kukhala ndi kachilembo kobisika kumapeto. Pasiwedi imaoneka bwino, koma pulogalamu ina imaiwerenga ndi kachilemboko. `cat -A .env` ikaonetsa `^M` kumapeto kwa mizere, ikonzeni ndi `dos2unix`. Mu Python, `bool("False")` imabweza `True`, chifukwa mawu aliwonse osakhala opanda kanthu amatengedwa ngati eya, ndiye `DEBUG=False` ikhoza kusiya debug ili chiyakire. Mafayilo a config a mtundu wa YAML nawo ali ndi zawo: PyYAML, yomwe Python imawawerengera, imawerenga `no` ngati `false`, ndipo `22:00` yopanda ma quote imasanduka nambala 1320. Chilichonse chomwe mukufuna chikhale mawu, chiikeni mu ma quote.

Kwa amene mumalemba mapulogalamu, ndili ndi pempho lomwe ndimaliona lalikulu kuposa zonse zili pamwambazi. Pulogalamu ikamayaka izilemba mzere umodzi mu log wonena fayilo ya config yomwe yawerenga, database yomwe ikulunjika ndi mlingo wa log, popanda pasiwedi. Ndipo setting yofunika ikasowa, izikana kuyaka, n'kutchula dzina la chosowacho. Pulogalamu yomwe ikasowa `DB_HOST` imangodzisankhira `localhost` mwakachetechete ndi yoopsa, chifukwa imatha kulemba malisiti a tsiku lonse mu database yoyeserera popanda wodziwa. Bola igwe m'mawa anthu aone.

Disiki yadzaza

`No space left on device` ndi uthenga womveka, koma si nthawi zonse umafika kwa inu, poti log yomwe ikanaunena ilibenso polemba. Ndiye system ikamachita zachilendo, kaya login ikukana, kaya kusunga kukulephera, yendetsani `df -h`. Ikaonetsa 100% musadabwe kuti inu ngati root (akaunti yaikulu ya pa seva) mukulembabe bwinobwino: ext4 (dongosolo losungira mafayilo pa disiki) imasungira root 5% ya disiki, pamene `www-data` (akaunti yomwe tsamba limayendera) ndi database zatsekeredwa kale. Ngati malo alipo koma uthenga ndi womwewo, yesani `df -i`. Timafayilo tating'ono tambirimbiri, monga ta ma session a PHP, timatha kumaliza ma inode (malo olembetsera fayilo iliyonse) disiki isanadzaze.

Chodzazacho chipezeni ndi `sudo du -xh /var --max-depth=2 | sort -h | tail`. Olakwa ndi omwewo nthawi zambiri. Laravel pa channel ya `single` imalemba mu `storage/logs/laravel.log` mpaka kalekale, pamene ya `daily` imadula tsiku ndi tsiku n'kusunga masiku 14. Docker (yoyendetsa mapulogalamu m'timabokosi totchedwa ma container) pa driver yake ya `json-file` siidula log konse mukapanda kuiuza, ndipo mafayilo ake amabisala mu `/var/lib/docker/containers`. Lembani `max-size` ndi `max-file` mu `/etc/docker/daemon.json`, podziwa kuti zimagwira pa ma container opangidwa mwatsopano okha. Journald yokha ili ndi malire, 10% ya disiki koma osapitirira 4GB, ndipo mutha kuichepetsa ndi `journalctl --vacuum-size=500M`.

Mukaipeza fayilo yaikuluyo, chonde musaifufute ndi `rm`. Pa Linux, fayilo yomwe pulogalamu yaitsegula siimasula malo ngakhale dzina lake litachotsedwa. Mudzaona foda ilibe kanthu, `df` ikunenabe 100%, ndipo pulogalamu ikulembabe mu fayilo yomwe simungaionenso. Ngati wina wachita kale zimenezi, `sudo lsof +L1` ikuonetsani mwini wake, ndipo mukayatsanso pulogalamu imeneyo malo abwerera. Njira yabwino ndi kusunga mizere yomaliza ndi `tail -n 5000`, kenako `truncate -s 0` pa fayiloyo. Mu foda ya database musakhudzemo ngakhale muone mawu oti log. Mafayilo a `pg_wal` a PostgreSQL ndi a `ib_logfile` a MySQL si a nkhani zowerenga, ndi omwe database imadzikonzera magetsi akazima. Mukawafufuta mwataya ntchito ya anthu.

Funso lenileni ndi loti log inakula bwanji chonchi. Kawirikawiri wina anaika mlingo pa DEBUG pofufuza vuto n'kuusiya. Milingo imakwera kuchokera pa DEBUG, INFO, WARNING, ERROR mpaka CRITICAL, ndipo pa seva yomwe anthu akugwirira ntchito INFO kapena WARNING ndi yokwanira. Mwinanso intaneti ikaduka pulogalamu imayesa kutumiza SMS kapena kulumikiza kunja mosapumira, ulendo uliwonse n'kulemba error ya mizere 40. Netiweki ikasowa usiku wonse, m'mawa disiki yatha. Zotere mankhwala ake ali mu code: nthawi yodikira izichulukira pa kuyesa kulikonse.

Logrotate ilipo koma siikudula

Logrotate, pulogalamu yodula ma log akakula, imadziwa mafayilo okhawo omwe atchulidwa mu `/etc/logrotate.conf` ndi mu `/etc/logrotate.d/`. Log ya pulogalamu yanu ikakhala ku `/opt` kapena `/home`, palibe akuiyang'ana mpaka mutalemba nokha, ndi mawu monga `daily`, `rotate 14`, `compress` ndi `maxsize 100M`. Yesani ndi `sudo logrotate -d /etc/logrotate.d/dzina`, yomwe imangofotokoza zomwe ikanachita osakhudza kanthu. Ikadandaula za `insecure permissions`, ndiye kuti yakhala ikudumpha fodayo tsiku lililonse, ndipo mzere wa `su` wotchula mwini foda ndi gulu lake ndiwo ukusowa.

Ikadula, pulogalamu iyenera kuuzidwa kuti itsegule fayilo yatsopano, apo ayi izilembabe mu yakale yomwe yasinthidwa dzina. Nginx imamva ndi signal ya USR1. Kwa mapulogalamu osamva pali `copytruncate`, koma dziwani kuti imatha kutaya mizere ingapo yolembedwa pa nthawi yokoperayo.

Maofesi ena amazimitsa seva poweruka kuti asunge mabatire. Palibe cholakwika, koma ntchito yomwe munaika mu crontab kuti iziyenda 2 koloko usiku, monga backup kapena kuyeretsa log, siidzayenda ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo cron siibwerera kukachita zomwe inaphonya. Timer ya systemd yokhala ndi `Persistent=true` imachita ntchitoyo seva ikangoyaka.

Vuto lina ndi la system yomwe imagwa m'mawa uliwonse ndi error 500 ngakhale magetsi sanazime. Pa Laravel yokhala ndi log ya `daily`, yemwe wayamba kulemba tsikulo ndiye mwini fayilo. Ngati cron ya root ndiyo yayamba, fayilo imakhala ya root, ndipo `www-data` ikafuna kulemba imakanidwa, tsamba n'kugwa. `ls -l storage/logs` ikuonetsani pompo. Sunthani cron imeneyo iziyenda ngati `www-data`. Zoika `chmod 777` zisiyeni, kumeneko ndi kutsegulira aliyense chitseko.

Wotchi

Malawi ili maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo. Maseva ambiri ndi ma container amalemba nthawi ya UTC, ndiye wa pa kauntala akati zinavuta 10 koloko, mu log yang'anani pa 08:00. Kusunga log mu UTC n'kwabwino, bola zonse zigwirizane kapena mzere uliwonse uzionetsa `+02:00`. Zikasakanikirana, nginx nthawi yake, database yake, simungathe kulondola chomwe chinayamba. `timedatectl` imaonetsa zone ndi ngati wotchi ikugwirizana ndi NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa netiweki. Zone yathu ndi `Africa/Blantyre`.

Makompyuta akale a pa desiki omwe timawasandutsa maseva ali ndi kabatire ka CR2032 pa motherboard. Kakatha, magetsi akazima wotchi imabwerera zaka m'mbuyo. Intaneti ikachedwa kubwera, seva imayamba ntchito ndi deti lolakwika, ma certificate amakanidwa kuti `not yet valid`, ndipo malisiti amatuluka ndi chaka china. Mukaona mizere ya log ya chaka chosadziwika pakati pa ya lero, sinthani kabatireko.

Musanatumize log kwa munthu

Vuto likakula timajambula sikirini n'kuponya pa gulu la WhatsApp kuti anzathu atithandize. Werengani kaye zomwe zili pa chithunzicho. Log ya DEBUG imanyamula manambala a foni a makasitomala, manambala a ziphaso za unzika, ma token, nthawi zina ndi pasiwedi ya database. Zotuluka mu `/proc/1234/environ` zija ndiye musatumize n'komwe. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, koma ngakhale pakanakhala palibe lamulo, mlimi amene anapereka nambala yake ku kopaletivi sanavomere kuti izungulire m'mafoni a anthu osawadziwa. Fayilo ya `.env` ikhale pa `chmod 600`, isalowe mu Git (mosungira code ndi mbiri yake), ndipo pasiwedi yomwe inalowamo kale isinthidwe, chifukwa kuchotsa fayilo sikufufuta mbiri ya Git. Django (chida chopangira ma system mu Python) ikasiyidwa pa `DEBUG=True` imaonetsa zamkati mwa system kwa aliyense amene wagunda error.

Amene muli ndi system ya Java, onaninso Log4j yanu, chida chomwe mapulogalamu a Java amalembera log. Mu December 2021 munapezeka bowo lotchedwa Log4Shell, CVE-2021-44228, lomwe limalola munthu wakunja kuyendetsa code pa seva pongotumiza mawu oti alembedwe mu log. Linakhudza Log4j 2 mpaka 2.14.1. Seva yomwe inaikidwa nthawi imeneyo isanafike ndipo palibe anaikhudzanso ikhoza kukhala nalo mpaka lero. `sudo find / -name "log4j-core*.jar"` ikuonetsani zomwe zili poyera, ngakhale ina imabisala mkati mwa fayilo ya `.war` kapena `.jar` ya pulogalamu.

Mukakonza zonsezi, ziyeseni pa nthawi yomwe mwasankha nokha, monga Loweruka masana anthu ataweruka. Tengani backup, zimitsani router ndi seva mwadongosolo ndi `sudo poweroff`, kenako yatsani seva router isanayake, chifukwa ndi momwe zimakhalira magetsi akabwera. Musakhudze kiyibodi kwa mphindi zisanu. Kenako lembani `systemctl --failed`, mutsegule system kuchokera pa kompyuta ya pa kauntala, musunge lisiti loyeserera, ndipo muone ngati mzere wake walowa mu log ndi nthawi yolondola.